Zomwe Droni Inaona ku Mtiya

Chiperoni chinali chitaphimba phiri la Zomba kuyambira m'mawa, kamvula kowaza kosaleka. A Gilson anakhala kuseri kwa kauntala m'sitolo ya mafoni ya Shahid, chipewa chili pabondo, maso ali pa laputopu.

Panali patapita masiku asanu chiikireni m'manda akazi awo, a Dora, ku Mtiya. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Brenda, anali ku Joni, mapepala ake asali bwino, moti sanathe kubwera. Iyeyo ndi amene anapempha Shahid, mnzake wa kusukulu, kuti aulutse droni yake pamaliropo, naye aoneko mmene anthu anaperekezera amayi ake.

"Vidiyoyi yatalika, madala," anatero Shahid. "Mphindi makumi anayi. Pafoni siingapite, komanso Brenda ndimamudziwa, mayeso omwe ankawodzera nawo. Tidule, zitsale zitatu."

"Dulani."

Shahid anadula podikira abusa. Anadula pomwe droni inasochera n'kumajambula malata a eni ake. Kenaka kandegeko kanakwera m'mwamba, bwalo lonse n'kuonekera. Kumanzere kunali mbee, amayi a Mvano atadzaza mpaka kumpanda. Kumanja mabenchi a amuna anali ndandanda, opanda anthu. Amuna analipo asanu ndi mmodzi basi, a Gilson ali kutsogolo okhaokha.

Shahid anatsokomola. "Apa kuwala sikunali bwino. Tichotse."

A Gilson anayang'anitsitsa mabenchi opanda anthuwo. Chifukwa chake ankachidziwa. Zaka makumi awiri akulondera nkhalango ku Mulunguzi, sanakhalepo pa siwa ya mnzawo, sanagwirepo khasu kumanda. Uthenga wa zovuta ukabwera ankangoti, "Mitengo ilibe tchuthi." A Dora ankapita okha n'kumakawapepesera. Tsiku lina anawauza kuti, "Abambo a Brenda, maliro n'kulirana." Iwo anangovala majombo n'kukwera phiri. Amuna a ku Mtiya sanakangane nawo. Anangodikira.

Zala za Shahid zinali zachangu. Anasiya zojambula zapafupi zokhazokha: nkhata, nkhope za amayi akuimba, dzanja la abusa. Ataiseweranso vidiyoyo, maliro anaoneka ngati a munthu amene tauni yonse inamulira.

"Mwaona? Yaifupi, yogwira mtima. Akaonera mpaka kumapeto."

"Bwezerani pamwamba paja."

"Madala!"

"Ndi njira ya kumanda. Yonse."

Shahid anatsamira mpando. "Imeneyo ndi mphindi khumi ndi ziwiri anthu akungoyenda. Ine ntchito imeneyi ndimaidziwa, munthu akaona zofanana kwa mphindi imodzi amatseka. Ndipo mwanayu ali yekha kutali. Mukufuna akalire kawiri?"

"Ikani tione."

Anaika. Kuchokera m'mwamba bokosi linkaoneka kang'ono, likuyenda pang'onopang'ono mumsewu wamatope. Pamaliro ena amuna amalandirana bokosi kawirikawiri, phewa likangolema wina walowa. Apa panalibe wolandira. Omwewo asanu ndi mmodzi analinyamula kuchokera pakhomo mpaka kumanda.

A Gilson analoza ndi chala munthu wa kumbuyo, amene ankatsimphina. "Luke uyo. Kalipentala. Mwendo wake ndi wotupa. Mkazi wake atamwalira ine sindinapite."

Shahid anayandikitsa nkhope pa laputopu.

"Sanatule," anatero a Gilson. "Inu mukufuna mumudule."

"Sindikufuna kudula a Luke. Ndikufuna kukusungirani mwana. Ndani winanso amakuimbirani foni? Akafunsa kuti amuna anali kuti, mukati chiyani?"

"Ndimuuza."

"Akaleka kukuyankhulani?"

A Gilson anatembenuza chipewa pabondo. "Amayi ake anandibisa zaka makumi awiri. Basi, zakwana."

Panja minibasi inadutsa, kondakitala akuitanira a ku Chinamwali. Shahid anapukusa mutu, n'kubwezera mabenchi aja ndi njira yonse. Vidiyoyo anaigawa zidutswa zinayi kuti ithe kupita, ndipo anaiika m'foni ya a Gilson. Anawaonetsa podina, koma iye sanadine.

A Gilson anatumiza zidutswa zonse zinayi, chimodzi chimodzi. Kenaka anavala chipewa, natuluka kukakhala pakhonde la sitoloyo, foni ili m'manja, kudikira kuti Brenda aimbe.