Jekete la Pamsomali

Agogo ankaopa zinthu zambiri: mphezi, galu wosauwa, waya wolendewera, munthu woseka asanapereke moni. Koma koposa zonse ankaopa msewu, chifukwa ndi umene unatenga amuna awo m'mawa wina, akupalasa njinga ndi zigubu za mkaka. Malemuwo anawasiyira zinthu ziwiri: ng'ombe ya banga loyera pamphumi, imene ankangoitcha Dontho, ndi jekete lakuda long'ambika pachigongono.

Jeketelo silinaone madzi chichokereni mwini wake. Linkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo Agogo ankalivala pokama pokha. M'kolala munali fungo la thukuta, fodya ndi gaga. Dontho akalinunkhiza ankaima phee, mkaka n'kutsika wokha. Agogo nawonso ankalinunkhiza, koma iwo ankayamba acheuka, kuopa maso a anthu.

Chaka chimenecho alimi a ng'ombe zamkaka a kumtunda, a kudambo ndi a kuchigwa anatopa n'kukangana. Chilimwe chikafika mkaka unkachepa kwa onse, ndipo aliyense ankaumirira kuti udzu wakwawo ndiwo mankhwala. Ndiye anagwirizana kuti asadikire katswiri wakutali. Asonkhanitse ng'ombe za msinkhu umodzi m'khola limodzi kumtunda, azidyetse udzu uwu, kenako uwo, aone okha ndi maso awo.

Uthengawo unabwera ndi mdzukulu wawo wamkazi, mayi wa ana ake kale, amene sankaphonya misonkhano ya gululo.

"Mkazi mnzanga, Dontho wasankhidwa!"

"Wasankhidwa walakwanji?"

"Akupita kusukulu. Inu simunapiteko, bola ng'ombe yanu ikaphunzire."

"Pakamwa pakopo padzakupweteka, iwe. Ng'ombe sikwera galimoto, imathyoka miyendo. Madzi achilendo amatupitsa mimba. Ndipo anthu a kumtunda aja, ukawabwereka khasu amabweza mpini."

"Nanga amuna athu aja, amene anayambitsa nawo gululi, akanakana?"

Pamenepo Agogo anagonja. Tsiku lonyamula, anazungulira lole akugwedeza matabwa ake limodzilimodzi. Atamva kuti dalaivala amamutcha Sachedwa, anamuitanira pambali.

"Mwananga, dzina lakolo ulisiye pompano. Pokhota uziimba belu. Dontho usamupatse madzi akadali ndi thukuta. Akagona pansi, imitsa galimoto."

Lole itachoka, khola linakula ngati bwalo. M'mawa uliwonse Agogo ankadzukabe nthawi yokama, kuvala jekete, kutenga ndowa, n'kukumbukira ali kale pakhomo pa khola. Ankaima pamenepo zala zikupsinya mphepo. Kale akamakama ankayankhula ndi Dontho mawu amene kwenikweni anali a amuna awo: kuti denga layamba kudontha, kuti mwana wa mdzukulu wamera dzino. Tsopano panalibe woti amuuze mawuwo.

Posakhalitsa mdzukulu uja anabwera kuchokera kumtunda, nkhope yopanda nthabwala.

"Agogo, Dontho akubisa mkaka. Udzu akudya, koma wokama akamugwira akuponda ndowa. Bere layamba kuuma ndi kutentha. Zikapitirira liwonongeka."

"Ndinanena ine. Sindinanene?"

"Munanena. Ndibwerekeni jekete lija."

Agogo anakaima pachitseko ngati wina akufuna kuba.

"Alichapa. Ana a masiku ano mukaona chinthu mumangothamangira sopo."

"Ndiwauza asalichape."

"Ndiye alivale munthu wina, thukuta lake lilowemo? Agogo ako aamuna ndikawapeza kuti?"

Mdzukulu anangokhala pampando n'kumayang'ana pansi. Agogo anayang'ana jekete, kenako anayang'ana pazenera, kukhola lopanda kanthu lija. Bere lotupa ankalidziwa: limayamba ndi kutentha, limathera kwa ogula nyama.

M'mawa mwake anakwera lole ya Sachedwa atavala jeketelo, mabatani onse atamanga. Anagwira chitsulo cha pakhomo ndi manja awiri, akulangiza njira yonse. Atafika pokhota pomwe amuna awo anafera, pamene anali asanapondepo chichitikireni ngozi, anati atseke maso koma sanatseke. Panali udzu chabe, ndi mbuzi ikudya.

Kumtunda anapeza alimi atazungulira khola lalitali, ng'ombe zili pamzere, iliyonse ndi chodyera chake. Agogo asanapereke n'komwe moni, Dontho anatukula mutu n'kulira. Anakankha mphuno m'khwapa mwa jekete, akupuma mwamphamvu. Agogo anakhala pakampando, natsamiritsa chipumi pamimba pa Dontho, nayamba kukama pang'onopang'ono. Poyamba madontho, kenako ndowa inayamba kuyimba.

"Denga lija silinakonzedwebe," ananong'ona.

"Ee, koma ndiye zilipo!" anatero Wapampando wa gululo, bambo wa dazi. "Ife tikukangana za udzu, pomwe ng'ombe ikufuna jekete."

"Yanganso yachepetsa mkaka chibwerereni," anatero mayi wina wa kudambo. "Mwina nayo ikusowa nsalu yanga."

"Inu yanuyo ikusowa miseche yanu," wina anaponya, anthu n'kufa nacho chiseko.

Koma ataseka anagwirizana kuti nazonso aziyese. Aliyense abweretse chovala chimene amakamira kwawo, wokama azisintha pa ng'ombe iliyonse, kuti pamapeto asanamizire udzu mlandu wa kupukwa.

Agogo anamva zonsezi, ndipo anazindikira kumene zinkalowera. Ng'ombe imakamidwa m'mawa ndi madzulo, chilimwe n'chachitali, ndipo kunyumba kunali nkhuku ndi denga lodontha lija. Anamasula mabatani limodzilimodzi. Wokama anali mayi wamanja akuluakulu, amene analandira jeketelo atagwada.

"Musalichape. Musaliyanike padzuwa. Musalisiye pansi, chiswe sichigona. Mukatha kukama muzilivula msanga, musayende nalo. Ndipo muziyankhula naye, samva kukoma kukamidwa ndi munthu wa duu."

"Ndizimuuza chiyani, Amayi?"

"Zilizonse za pakhomo."

Atafika kwawo dzuwa likupendeka, msomali wa kuseri kwa chitseko unali mbee. Agogo anavula juzi imene anavala mkati mwa jekete, kuti aiponye m'beseni la zochapa. Asanaiponye anacheuka, naiyandikitsa kumphuno. Munali Dontho, munali gaga, ndipo patali pang'ono munali fodya uja.

Anaipachika pamsomali.