Choko cha Kuseri kwa Chitseko

Bambo anga salosera ndi maso, amalosera ndi makutu. Chaka chilichonse, kukatsala sabata kuti mipikisano ya magalimoto iyambe, ndimawaikira foni pa chitini cha girizi m'galaja mwawo. Iwo amatsinzina n'kumamvetsera injini za timu yathu, ya magalimoto obiriwira, zikuyesedwa. Kenako aliyense amalemba ndi choko kuseri kwa chitseko nambala imene timuyo idzathere. Iwo amalemba 1, ine ndimalemba 7. Papita zaka khumi ndi chimodzi ndikuwapambana, koma mdala ameneyu samva.

Chaka chino ndinalowa ndi kalata m'thumba. Ndinali nditapeza ntchito kutali, ulendo wa masiku awiri, ndipo kalatayo ndinali nditayenda nayo milungu itatu. Chimwalirireni amayi, mipikisano timaonera awiriwiri. Ndinkaopa kuwasiya okha.

Dzuwa linkalowera m'timabowo ta malata, fumbi likuyandama pang'onopang'ono. Injini inalira m'foni, bambo n'kutsamira tayala.

"Wamva, mwanawe? Ikuimba. Ndikuiona ine. Kamvula kawaza, msewu ukunyezimira, enawo alowa kukasintha matayala. Wathu yekha akungopita, myaa, pokhota osaponda n'komwe buleki."

"Chaka chatha munaionanso choncho, inakathera mumchenga."

"Inali mphepo imeneyo."

Ndinatsinzina nanenso. Ndinakaona ndithu kadontho kobiriwira kakuchepa kumapeto kwa msewu, kumbuyo kutatsala munthu mmodzi pampando wa anthu awiri umene timaonerapo mipikisano. Mtima unandiwawa.

Ndinatola choko n'kulemba 1. Ndinati ndiyambe ndawasangalatsa ndisanawabaye ndi nkhani yanga.

Anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana ine. Anandilanda chokocho, nalemba 7 wamkulu, wopendekeka.

"Bambo, mwatani?"

"Ndifunse ndine. Iwe kulemba 1? Injini ikabisa vuto ndimaimva, ndiye ndilephere mwana wanga? Milungu itatu ukuyenda ngati galimoto yoiwala kumasula handibuleki. Ndipo pepala lakolo limachita phokoso ukamakhala pansi."

Ndinalitulutsa. Sanaliwerenge, anangolisisita ndi chala, girizi n'kutsalira pakona, ine ndikuwauza za ntchito yakutaliyo.

"Nanga muzidzaonera ndi ndani?" ndinafunsa.

"Uzidzaimba foni galimoto yathu ikamazungulira komaliza, tizidzatukwanira limodzi. Wolota pakhomo pano ndinali ine. Tsopano maloto watenga ndiwe, ndiye wina atsale ndi nzeru."

Anathyola choko pakati. Chidutswa chimodzi anabweza pashelefu, pambali pa masipanala, chinacho anandifumbatitsa m'manja.

"Kumene ukupitako chitseko chikakhalako," anatero. "Ukalembe 1. Usadzayerekeze kulembanso 7."

Anayatsanso foni n'kutsinzina. Injini inayambanso kuimba, koma ulendo uno sananene zimene ankaona.