Maluwa a Pobwereza

Kajetan Prohaska ankawakonda bambo ake, koma ankawakonda bwino akakhala kunyumba. Pamaso pa anthu a mu Viyena, mkuluyo akangotsekula bokosi la vayolini, mwanayo makutu ankamutentha ndi manyazi.

Bambo akewo, a Wenzel, anaphunzira kuimba m'nyumba ya bwana wina wolemera, masiku aja oimba ankavala mawigi oyera n'kumaimirira pakona mabwana akudya. Nyimbo za nthawi imeneyo zinali zaulemu, zoyenda mwadongosolo ngati anthu olowa m'tchalitchi, ndipo chigawo chilichonse ankachiimba kawiri. Koyamba unkaimba zimene mwini nyimbo analemba. Pobwereza unkaikamo maluwa ako, kunjenjemeretsa chala apa, kukwera n'kutsika apo. Wobwereza nyimbo ili gwa, osaikamo kanthu, ankamutenga ngati waulesi.

Koma mawigi anatha, ndipo anyamata a msinkhu wa Kajetan ankafuna nyimbo zolira ndi zobangula, zoti womvera agwire pamtima. Ankalemba chilichonse papepala, pofewetsa, pokweza, ngakhale popumira mpweya. Ntchito ya woimba inali kumvera basi.

Amayi ake, a Apolonia, atamwalira, Kajetan anawapekera nyimbo ya oimba anayi. Chigawo chapakati anachisiya dala chopanda zokometsera, choyenda pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kumanda. Bambo ake anapempha okha kuti atsogolere pa vayolini. Akanawakaniza bwanji, maliro ali a mkazi wawo?

Tsiku lomaliza kukonzekera kunabwera a Zellinger, osindikiza nyimbo, munthu woti akakugwedezera mutu dzina lako limveka mzinda wonse. Anakhala pafupi ndi mbaula, kapu ya khofi ili pabondo.

Ulendo woyamba wa chigawo chija unayenda bwinobwino. Atafika pobwereza, a Wenzel anatsinzina, zala zokalambazo n'kuyamba kuthamanga pa zingwe. Pamene mwana analemba liwu limodzi lalitali, bambo ankakwera nalo, kulizunguliza, kenako n'kulitsitsa mwaulemu. A Zellinger anabisa pakamwa ndi kapu, koma mapewa ankawagwedezeka.

"Achimwene, apa chasowa ndi wigi yokha," anatero kwa Kajetan, ati monong'ona, koma chipinda chonse chinamva. "Kodi maliro ake ndi ovina?"

Kajetan anadzambatuka. "Bambo, taimani!"

Nyimbo inaduka. A Wenzel anatsekula maso. "Ndalakwitsa pati, mwanawe?"

"Paliponse! Wakutumani ndani kuti muthire nsinjiro? Zimene ndalembazo sizikukukwanirani?"

"Koma apatu ndi pobwereza, Kajetan. Pobwereza timatero."

"Munkatero kwa mabwana anu aja akutafuna nyama. Kuno si kumeneko ayi. Muimbe zolembedwa, apo ayi pampandopo pakhale wina."

Oimba atatu enawo anayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati sanazionepo. A Wenzel anatenga kansalu, anapukuta vayolini yomwe inalibe fumbi n'komwe, n'kuibwezera pakhosi.

"Chabwino," anatero. "Nyimbo ndi yako."

Kajetan analakalaka atawameza mawu aja. Koma a Zellinger ankagwedeza mutu movomereza, ndiye anakhala pansi osapepesa. Choipa kwambiri n'chakuti kugwedezeredwa mutuko kunamukomera, ndipo iye mwini ankadziwa.

Lamulungu masana, pa mwambo wokumbukira malemuwo, holo inadzaza, makhothi onyowa ndi chipale chofewa ali mbwee kumakoma. A Wenzel anaimba zolembedwa zokhazokha, maso ali papepala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sanawonjezere kanthu, sanachotse kanthu. Azimayi ena ankapukuta misozi. Koma Kajetan, yemwe anakhala kutsogolo, anaona chimene ena sanaone. Pobwereza paja, kachala kakanise ka bambo ake kankadzuka kokha, n'kunjenjemera m'malere osakhudza chingwe, kenako n'kubwerera pamalo pake ngati mwana wodzudzulidwa.

Anthu anaomba m'manja mpaka kutopa. A Zellinger anamugwira Kajetan chanza ndi manja awiri n'kunena kuti nyimboyo aisindikiza. Chimene ankachifuna zaka zonsezi anachipeza, koma maso ake anali pa bambo ake akutseka bokosi la vayolini.

Pobwerera kunyumba anayenda awiri, bambo atakumbatira bokosi la vayolini kuopa chinyezi. Kajetan anasowa poyambira, ndiye anayamba ndi zopusa.

"Mwaonatu bambo, anthu alira."

"Alira ndithu. Unapeka bwino, usakayike."

Anadutsa ogulitsa mbatata zootcha pakona, anawoloka msewu. Kenako a Wenzel anaseka pang'ono okha.

"Mayi ako ankatsuka mbale m'nyumba ya mabwana ija. Tikayamba kuimba ankabwera kudzaima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, manja ali thovu lokhalokha. Ulendo woyamba sankaumvera n'komwe, ankati ndi wa mwini nyimbo. Ankadikira pobwereza, ati pamenepo ndiye ukulankhula ndiwe, Wenzel. Ine pakamwa ndinali mbuli, ndinamufunsira ndi zala zomwezi." Anasintha bokosi kupita kudzanja lina. "Tsiku lija ndimati ndimutsanzike momwe ankandimvera. Koma zilibe kanthu, zinatha kale zimenezo."

Sanalankhule mokwiya, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri Kajetan. Akanamutukwana zikanakhalako bwino. Mnyamatayo anaima pakati pa msewu mpaka woyendetsa ngolo anamukalipira. Manyazi amene anamva kwa a Zellinger aja anali achibwana poyerekeza ndi awa. Anapekera amayi ake nyimbo, n'kutseka pakamwa munthu yekhayo amene amayiwo ankadikira kumumva.

Atangolowa m'nyumba, makhothi asanavule, anawagwira dzanja.

"Bambo, ndinalakwa. Chonde imbani chigawo chija. Muno mulibe a Zellinger, mulibe aliyense. Muimbe mmene mumafunira."

A Wenzel anamuyang'ana, kenako anatsekula bokosi. Anaima pafupi ndi chitseko cha kukhitchini n'kuyamba. Ulendo woyamba unadutsa. Kajetan anagwira mpweya, kudikira maluwa aja.

Pobwereza panafika. Mkuluyo sanatsinzine. Maso ake anali pankhope ya mwana wake, ndipo nyimbo inatuluka monga inalembedwera, yoyera, yolondola, yopanda duwa ngakhale limodzi. Atafika pakati analeka, n'kutsitsa vayolini.

"Ndayesa, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Zala zikukuopa."