Milu ya Che Bwanausi

"Tengani zonse. Bwato, khoka, nkhafi, zonse."

"Chifukwa?"

"Ine ndilibe nazo ntchito."

"Ndafunsa chimene ukundipatsira, osati chimene ukuzitayira."

Yasini anayang'ana pansi. Iye ndi mkulu wake Nasoro anali pamphasa kuseri kwa nyumba ya bambo awo, Che Bwanausi, amene anaikidwa m'manda dzana. Olira ambiri anali atabalalika. Khoka linali chiyanikire pamitengo, ndipo kuseri kwa bango asodzi ena anali atabwerera kale panyanja ya Chiuta.

Yasini ankagulitsa mabilyete a komboyo, matikiti a sitima ya pamtunda, pa siteshoni ya Entre Lagos chifikire njanji chaka chatha. Pamwezi ankalandira zimene Nasoro sakanazipeza ngakhale matemba atagwa bwino dzinja lonse. Kumaliro anabwera ndi chipewa chake cha kuntchito, chokhala ndi kachitsulo konyezimira patsogolo. Atachivula kuti avale kofia yachisilamu, anasowa pochiika. Tsopano chinali pabondo pake.

"Achimwene, inu mumadyera nyanja. Ine ndili ndi malipiro."

"Eya, malipiro. Dzulo ndinakumva ukuwafotokozera amjomba pansi pa mango paja. Bwereza, bwana Senyoro, nafenso timve."

Amjombawo, amalume awo, anali atamufunsa Yasini mwanthabwala kuti munthu wokhala pamthunzi n'kumang'amba timapepala amaposa bwanji munthu wochezera pakati pa mvuu. Iye anayankha monga ankayankhira kuntchito, kuti mtengo wa munthu uli ngati wa nsomba, chosowa ndicho chimakwera. Opalasa bwato ali mbwee kuyambira Chiuta mpaka Chirwa, koma odziwa Chipwitikizi ndi masamu ngochepa. Anthu anagwedeza mitu. Yankho linali labwino ndithu, koma chiliyankhire chakudya sichinkamulowa.

"Ndinangonena mmene zinthu zilili," iye anatero.

"Nanga mzungu amene umakhala naye pazenera limodzi logulitsira mabilyete uja? Amene umati sadziwa kuwonkhetsa koma amalandira kukuposa kutalitali? Nayenso ndi nsomba yosowa?"

"Zimenezo ndi zina. Kumeneko n'kukondera."

"Ohoo! Zikakhala pamwamba pako n'kukondera. Zikakhala pansi pako ndi mtengo wa pamsika."

Yasini ankakonda mafunso opiringizika. Komboyo ikachedwa ankawafunsa anzake kuti aone mmene akuvutikira. Ili sanalikonde.

Nasoro anaimirira n'kukung'untha mchenga pansalu yake. "Tigawa monga ankagawira mwini wake. Bwato mulu, khoka mulu."

Che Bwanausi sankagawa nsomba ngati eni makoka ena, amene ankayamba achotsa gawo la bwato ndi la khoka asanaganize za anthu. Iwo ankaunjika milu yofanana. Wokoka, wopalasa, wokapa madzi, aliyense mulu wake. Kenaka munthu mmodzi ankatembenuka kuyang'ana kumtunda, iwo n'kuloza mulu ndi bango. "Uwu ngwa ndani?" Wotembenukayo ankatchula dzina osaona. Mulu wotsala unali wa mwini bwato, ngakhale ukhale wa tinsomba taminga. Anzawo ankawaseka kuti adzafa ndi bwato limodzi. Anafadi nalo limodzi.

"Taganizani bwino, achimwene," anatero Yasini. "Khoka lopanda bwato mukaliponya bwanji? Bwato lopanda khoka mukagwira nalo chiyani? Ine ndikalipalasa panjanji? Ana anu adya chiyani?"

"Adya zimene zawagwera."

"Ndiye ndikuti tengani!"

"Mphatso yachisoni ine ayi. Ukandipatsa lero ndizikuthokoza mpaka kufa, iwe n'kumagona tulo tabwino ku Entre Lagos. Ukufuna kugula tulo ndi bwato la bambo. Ndipo mtengo wake watsika, poti bwatolo ulibe nalo ntchito."

Onse awiri ankadziwa chimene chinali pansi pa nkhaniyi. Ali ana, bambo awo anaona kuti angathe kutumiza mwana mmodzi yekha ku shikola, sukulu ya Apwitikizi ya ku Insaca, popeza khoka linkafuna manja. Panalibe woposa mnzake. Kumadarasa ankaloweza mofanana, ndipo ankakwapulidwa mofanana. Che Bwanausi anakana kusankha. Anaika sileti ndi nkhafi pabwalo, mayi wa anawo, Mwanahamisi, n'kutembenukira kukhoma. Bango linaloza sileti, ndipo mayi anatchula Yasini. Kuntchito Yasini ankauza anthu kuti bambo ake anaona msanga kuti mwanayu ali ndi mutu. Anazinena kambirimbiri mpaka masiku ena ankazikhulupirira.

Nasoro anatenga nkhafi n'kuigoneka pansi kuti iimire bwato. Anamasula chingwe cha khoka, n'kuchizinga pambali pake. Kenaka anayandikira khoma. Mayi awo anali m'nyumba, pa eda, masiku amene mkazi wamasiye satuluka panja. Mikanda yawo yopempherera ya tasibihi inkamveka ikugundana pang'onopang'ono.

"Amayi, tikufuna pakamwa panu. Simukuona kunja kuno, ndiye palibe chifukwa chotembenukira."

"Mukugawa chiyani, manda asanaume?"

"Za abambo. Senyoro akubwerera mawa, komboyo siyembekeza."

"Itanani amjomba anu."

"Amjomba adzamvera chisoni wina. Tikufuna inu."

Mawu atabwera anali otsika, moti Yasini anasendera kufupi kuti amve.

"Ine ndinasiya zotchula maina. Ndinatchula kamodzi. Chiyambire tsiku limenelo, ndikakuona iwe Nasoro ukubwera wonyowa, manja atang'ambika ndi chingwe, mpunga umandikakamira pakhosi. Ndikamuona mnzakoyo atavala nsapato ndimakondwa, kenaka ndimachita manyazi kuti ndakondwa. Abambo anu ankati njira imeneyi ilibe mlandu ndi munthu. Ankanena bwino, poti iwo ankangoloza. Wotchula ndinali ine."

"Tchulani komaliza, amayi," anatero Nasoro, koma mawu ake anali atafewa.

"Amayi, musatchule," anatero Yasini. "Auzeni angotenga."

"Ndimuuze ine? Wamva wekha kuti sakufuna. Mwana wa Bwanausi ameneyo. Iwenso ndiwe wake, n'chifukwa chake sukudya."

Yasini anayang'ana milu iwiri ija. Nkhafi yakutha kunsonga ndi chingwe chonunkha matope. Anayesa kuganiza monga ankaganizira mafunso ake, kufunafuna njira yoti aliyense atuluke wosalakwa. Sanaipeze. Bambo ake akanaona milu imeneyi akanati siyinakwane, pali nsomba ina yabisidwa m'bwato.

Anadzuka. Anatenga chipewa chija n'kuchiika pansi, pafupi ndi nkhafi, kachitsulo kakuyang'ana kumwamba.

Nasoro sanaseke. Ankadziwa, monga Yasini ankadziwira, kuti chipewa sichigawika, kuti shefi, bwana wa ku Entre Lagos, sangapereke zenera kwa munthu wosadziwa kulemba dzina lake m'zilembo za Apwitikizi, kaya mayi atchule ndani. Komabe anapita pampanda n'kusolola bango limodzi. Analigwira kunsonga, dzanja lina kumbuyo, msana utawerama pang'ono, ndendende mmene ankaimira Che Bwanausi padooko. Yasini anatembenuza nkhope, kenaka anadzikakamiza kuyang'ananso.

Bango linadutsa pamwamba pa chingwe. Linadutsa pamwamba pa nkhafi. Linaima pachipewa.

M'nyumba mikanda ija inali italeka kugundana.

"Amayi, uwu ngwa ndani?"