Mkombero wa Khoma la Kawale

A Greyson ankadziwika ndi dzina loti Khoma la Kawale, ndipo dzinalo ankalisamala kuposa denga la nyumba yawo lomwe linkadontha. Analipata zaka makumi atatu zapitazo akutchinga pa basiketibolo, masiku amene timu yawo inkapambana 14 kwa 9.

"Za masiku anozi ndi mpira zimenezi?" ankatero Loweruka lililonse pabwalo. "70 kwa 65. Ukangomukhudza munthu, kherere walira. Ife mdani ankabwerera kwawo osauona mkombero."

Mwana wawo Zipora ankagoletsa mapointi 30 pamasewero amodzi, koma bambowo sanamuyamikirepo. "Nthawi yathu ukanagoletsa awiri, enawo ukanakawerengera kuchipatala," ankamuuza choncho, iye n'kungoseka.

Ndiye komiti ya bwalo inagula mikombero yatsopano yoponyeramo mpira, niganiza zolemekeza Khoma pa tsiku loikhomera. Inawapempha abweretse mkombero wakale, womwe anaukhomerera pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. A Greyson anaupukuta ndi mafuta, naunyamula pamutu mpaka kubwalo, tayi ali pakhosi.

Amene anaitanidwa kudzawotcherera yatsopanoyo anali a Abdullah, mmisiri wokalamba wa pamsika. Atauona wakalewo, maso awo anawala.

"Uwu ndinapanga ndine," anatero mokondwa, pakuti munthu wosadziwa kuti akuwononga amalankhula mokweza. "Basiketibolo ndinali ndisanaionepo. Ndinangopita kukayeza wa netibolo, wa amayi a kutchalitchi aja. Yonse iwiri ndinapanga choncho."

Wina anatenga wakalewo n'kuuponya m'kati mwa watsopano. Unadutsa osakhudza paliponse. Bwalo lonse linaphulika ndi phwete.

"Kani Khoma anali a Abdullah," anatero mnyamata wina wa ku Biwi, ndipo anthu anagwira nthiti.

A Greyson zinawapweteka kwambiri. Zaka zonsezi ankayesa kuti adani ankaopa zigongono zawo, pamene mpirawo unkangokana kulowa pakabowo. Anabwerera kunyumba tayi ali m'thumba. Zipora anawatsatira atanyamula chitsulo chija, nakwera mumtengo kukachibwezera pamalo pake.

"Kataye zimenezo," anatero bambowo.

"Ayi adadi. Ine ndaponya pamenepa kuyambira ndili Sitandade 3. Ndikafika kubwalo, mkombero umandionekera ngati beseni."

Loweruka lotsatira a Greyson anapita kubwalo mochedwa, naima kumbuyo kwa anthu. Palibe anawatchula Khoma. Patapita kanthawi, mayi wina wa m'komiti anawakodola.

"Bambo a Zipora, bwerani mudzakhale kutsogolo kuno."

Anacheuka kuti aone amene akuitanidwa. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Anapita kukakhala, ndipo Zipora ataponya ali kutali, iwo anayamba kuomba m'manja mpira usanalowe n'komwe.