Mkamwini Pawindo

Gervazio anakhala pachikamwini kwa Lobi zaka zisanu ndi ziwiri, akulima nyemba m'munda wa apongozi ake, dimba lake ku Linthipe likumera tchire. Ankafuna chinthu chimodzi basi: amulole kutenga mkazi wake Flossie chitengwa, akakhale naye kwawo. Atsibweni a Flossie, a Zefaniya, anavomera kalekale, koma anati, "Bola avomerenso alongo angawa." Ndipo alongo awowo, mayi Magadalena, amayi ake a Flossie, ankangoti, "Tiona mvula ikatha." Mvula inatha katatu.

Nzeru inamupeza ku Chimbiya atagulitsa nyemba. Analowa m'kashopu kobena mafilimu n'kupempha kuti amuikire pa fulashi akalekale okhaokha, oyenera kuonera pakhomo ndi munthu wamkulu. Anamuikira a m'Baibulo, a karate, a azungu a zipewa zazikulu othamangitsana pa akavalo, a Amwenye oimba m'mapiri, ndi ena achikondi akale kwambiri, a zithunzi zakuda ndi zoyera. Gervazio anaganiza kuti mtima wa apongozi ukafewa, pakamwa pafewanso.

Koma mkamwini sakhala m'chipinda chimodzi ndi apongozi ake aakazi. Ngakhale panjira akakumana, wina amapatukira m'chimanga. Choncho Lamulungu lililonse pochoka ku Misa, dzuwa litadzaza batire ya sola, Flossie ankayala mphasa pabalaza, amayi ake n'kukhala atafunda bulangete. Gervazio ankakhala panja pa chitsa, pansi pa windo, mphepo ya mu Juni ikumulowa m'mafupa, dzanja lokha lili m'kati litagwira rimoti.

Rimotiyo inali ndi ntchito. Filimu iliyonse Gervazio ankayamba waionera yekha, kuti adziwe pamene mwamuna ndi mkazi akupsompsonana. Zotere apongozi sangazione m'nyumba ya mkamwini. Poti ali panja sankaona kanemayo, ankatchera khutu. Nyimbo ikayamba kulira pang'onopang'ono ngati udzudzu, iye ankadina, filimu n'kudumpha.

"Flossie, auze bambo a Temwani kuti chinthu chawochi chikudumpha."

"Akuti chikudumpha," Flossie anatero cha kuwindo, ngakhale mwamuna wakeyo anali atamva yekha.

"Auzeni kuti n'kuzizira."

Mayi Magadalena anawakonda mafilimuwo, ndipo sankaonera mwakachetechete. Pa ya karate anafunsa kuti, "Anthu khumi kumenya munthu mmodzi, bwanji akubwera mmodzimmodzi? Ndi mzere wa kuchipatala?" Pa ya Amwenye anadandaula kuti mtsikana woimba pamvula chotero adwala chibayo. Pa ya akavalo anafuna kudziwa amene akulondera ng'ombe pamene amuna onse akuomberana. Koma za chitengwa, zii.

Sabata yachisanu anaika ya msilikali wopita kunkhondo. Mkazi wake anamuperekeza pasiteshoni ya sitima. Udzudzu uja unayamba kulira, Gervazio n'kudina.

"Auze aimitse!"

Gervazio anaimitsa. Kodi wachedwa kudina?

"Filimu iyi ndimaidziwa," anatero mayi Magadalena. "Tinaionera mu holo ya parishi ndi malemu bambo ako, tikadali pachitomero. Itafika pomwepa, ansembe anavula chipewa n'kuphimba diso la makina. Holo yonse bii! Pochotsa chipewacho, sitima inali itapita, mkazi akulira yekha. Bambo ako anapita kumanda osadziwa chimene chinachitika pasiteshoni paja. Ine ndadikira zaka makumi anayi, lero ndapezanso ansembe ena pawindo."

Gervazio anayang'ana zala zake zouma ndi chisanu. "Auzeni kuti ndi ulemu."

"Akuti ndi ulemu."

"Ndamva, si ine gonthi. Auze kuti ulemu wawo ndauona, ndi wabwino, ndipo wakwana."

Gervazio anaona dimba lake likuthawa. Anaganiza zobweza filimuyo m'mbuyo, koma chala chinakana. Ndipo m'katimo namonso mayi Magadalena anali atazindikira vuto lomwelo: ngakhale itabwezedwa, iwo akanayang'ana bwanji, mkamwini akupumira pawindo?

Mayiwo anatsokomola.

"Flossie, afunse ngati dimba lija ku Linthipe likadalipo."

"Lilipo!" Gervazio anayankha Flossie asanatsegule pakamwa, kenako n'kuchita manyazi. "Auzeni kuti lilipo."

"Ndiye akudikira chiyani kuno? Apite akalime. Mkazi atenge, mwana atenge. Kanemayu, sola ndi kodinirako zitsale."

Dzanja lija linalowa pawindo mwaulemu, linzake litagwira pachigongono, n'kupereka rimoti kwa Flossie.

Anasamuka mwezi womwewo, a Zefaniya atadalitsa ulendo. Patapita milungu itatu Flossie anapita kukaona amayi ake, ndipo pobwera anapeza Gervazio akuthirira kabichi.

"Aionera?" Gervazio anafunsa.

"Aionera. Akuti zinali zochepa kwambiri, ansembe aja anangovutitsa chipewa."

"Basi?"

"Basi. Koma aibwereza kanayi. Ndipo pamphasapo akumaika chithunzi cha bambo, choyang'ana ku kanema."

Gervazio anatunga madzi ena, n'kupitiriza mzere wake.