Jaji Wanga Anafa Kalekale

Kutchalitchi kwathu ku Small Heath, kuno ku Mangalande, amanditchula kuti a Jaji. Ndinaziputa ndekha: ndinawauza kuti kuyunivesite ku Edgbaston ndikufufuza za jaji wina wa ku America. Zoti munthuyo anakhalako zaka mazana awiri zapitazo palibe anazimva.

Jajiyo ndimamudziwa kuposa bambo anga ondibereka. Anayamba ndi ndale, n'kukhala phungu, kenako anamupatsa ujaji. Ankayenda pahatchi tauni ndi tauni, msana uli gwa, kuweruza milandu ya malire a minda. Ndagona naye, ndadzuka naye, ndatopa naye. Koma za malamulo a kuno ku Mangalande ndine mbuli ngati wina aliyense.

Anthu samva zimenezo. Uyu walimbana ndi landilodi, uyu mkazi wamuthawa. Ine ndimangogwedeza mutu, mandazi awo ndikudya.

Lamlungu lina titaweruka, Bupe anandipeza pasiteji ya basi. Ndi mayi wa ku Chipata, amasamalira okalamba ku Smethwick.

"A Jaji, kampani yathu boma lailanda laisensi yolemba ntchito anthu ochokera kunja. Sponsor wa visa yanga ndilibenso. Akuti ndikapanda kupeza wina, ndibwerere kwathu. Ana anga angoyamba kumene sukulu kuno. Mundithandize."

"Amayi, ine si loya. Ndimaphunzira history. Mupite kwa solicitor weniweni."

"Ndinapitako, ati ndidikire. Koma inu mabuku a jaji mwawerenga."

"Jaji wanga anafa kalekale."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sanagone. Basi inabwera, tonse sitinakwere.

"Chabwino," anatero. "Nanga akanakhala moyo, munthu ngati ine akanamuweruza bwanji?"

Yankho ndinali nalo, chaputala chathunthu cha kafukufuku wanga. Mayi wina, kapolo, anathawa ndi ana ake n'kuwoloka mtsinje. Atamugwira anamuimika pamaso pa jaji wangayo. Jaji anadandaula kwa mkazi wake kuti mtima ukumuwawa, koma lamulo ndi lamulo. Mayi uja anamubweza kwa mbuye wake. Ine ndinalemba masamba ambirimbiri oyesa kumumvetsa jajiyo, ndipo aphunzitsi anga anandiyamikira kuti ndalemba mosakondera.

"Anali munthu wachifundo," ndinatero.

"Ndiye akanandisiya ndikhale?"

Manyazi anandigwira. Ndinayang'ana kumsewu ngati ndikufuna basi. Bupe anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakoka zipi ya jekete mpaka m'khosi.

"Ndamva, a Jaji."